Zotupa za pa Waya wa Wayilesi ya Apongozi

Pamene izi zinkachitika n'kuti nditakhala pa chikamwini kuno kunsi kwa phiri la Michesi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo apongozi anga aakazi anali asanandilankhulepo ine mwini ngakhale liwu limodzi. Sikuti tinkadana ayi. Kuno mkamwini ndi apongozi timathawana, ndiwo ulemu wake. Tikakumana panjira ya kuchigayo, iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, ndipo kumanjako n'kumene kunali chitedze. Ndadzikanda kwambiri chifukwa cha ulemu.

Nyumba zathu zinali zoyang'anizana, zoti ukayetsemula uku, uko amva, koma mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Mbuzi yanga ikadya chinangwa chawo, apongozi ankaitana mwana wawo n'kumuuza mokweza, ine ndili pomwepo: "Ukawauze bambo a kwanuwo kuti mbuzi yawo ili ndi mano abwino." Ine ndinkadikira mkazi wanga atembenuke abwereze, kenako ndinkadabwa ngati ndikumva kumene.

Apongozi anali ndi wayilesi yakale imene anasiya amuna awo. Malemuwo ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo akatsitsa mawu unkawamvera pa benchi imene wakhalapo. Anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Wayilesiyo apongozi ankaifunditsa kansalu koluka, n'kumaipukuta m'mawa uliwonse asanasese n'komwe. Tsoka lake, mabatire ena anavundira m'kati n'kudya timasipuling'i tonse, moti sinkalandiranso batire.

Apa m'pamene ine ndinakulira mwendo, ngakhale akulu amati mkamwini asamatero. Ndinali ndi sola padenga ndi batire yake yaikulu. Mlamu wanga wa m'tauni anatibweretsera kabokosi kakuda kochepetsa magetsi a batire kuti akhale oyenera wayilesi. Kabokosiko kanali ndi waya wake wolowa m'wayilesi, ndipo pa wayapo panali zotupa ziwiri zolimba, china kufupi ndi kabokosi, china kufupi ndi kumapeto. Ndinadzala nsungwi zitatu pabwalo, n'kuyendetsa waya wina wautali kuchokera pa batire yanga mpaka pawindo la apongozi. Ndinalumikiza ndili kunja, mkazi wanga akulandirira m'kati, ndipo wayilesi inalankhula. Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kunditchula kuti injiniya. Ine sukulu ndinalekeza sitandade eyiti, koma dzinalo sindinalikane.

Lamulungu lina mkulu wa kwaya analengeza m'tchalitchi kuti a wayilesi ya kuno kwathu, amene anabwera kudzajambula kwaya yathu kalekale, apeza nyimbo zakalezo, ndipo adzaziulutsa Lamulungu lotsatira nthawi ya 3 koloko masana. Kamodzi kokha. Aliyense anatembenukira kumene anakhala apongozi, chifukwa m'nyimbozo munali mawu a amuna awo. Iwo anangoweramitsa mutu. Titafika kunyumba anaitana mwana wawo. "Ukawauze bambo a kwanuwo kuti tsiku limenelo wayilesi isadzatsokomole. Mwini wake akubwera kudzaimbiramo."

Sabata imeneyo kunagwa chiperoni. Michesi anabisala, dzuwa osaoneka, kamvula kowaza tsiku lonse, ndipo batire yanga inayamba kufooka. Lolemba madzulo wayilesi inazima pakati pa nkhani. Munthu wanzeru akanangoti dzuwa likatuluka zitheka, n'kusiya kutchaja mafoni a anthu masiku angapo. Koma ine ndinali injiniya. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza, ndipo kuganiza kwanga n'kumene kunawononga zinthu.

Ine ndine mlimi wa kudimba. Ndapalasa pampu ya miyendo kuthirira kabichi zaka zambiri, ndipo chinthu chimodzi ndimachidziwa bwino: paipi ikatupa penapake, madzi n'kumatuluka ochepa, ndiye kuti mwalowa chule. Umadula pamenepo, kumuchotsa, n'kumanga ndi mphira. Ndinakumbukira zotupa ziwiri zija. Magetsi achepa, waya watupa. Pamafunikanso umboni wina wanji?

Lachiwiri m'mawa apongozi atapita kumunda, ndinatuma mkazi wanga kuti anditulutsire wayawo pawindo. Ndinanola mpeni n'kusenda chotupa choyamba. M'kati munalibe chule, koma munali kamphete kakuda, kolemera, konga mwala, kabowo pakati, waya atadutsa m'menemo. Ndinati eya, ndiwe amene umadya magetsi a apongozi. Ndinadula waya, n'kukasolola, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi kachiwiri. Posenda ndinapezanso kuti wayayo wavala malaya m'kati, timawaya tasiliva tolukana ngati mphasa, ndi kapepala konyezimira ngati ka siwiti. Izi ndinaziona kuti n'zokongoletsa chabe, ndipo ndinazikankhira m'mbali. Ndinapota timawaya tiwiri ta pakati, kukulunga ndi pulasitiki, n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Tumphete tija ndinatiponya kudzala.

Masana dzuwa linasuzumira pang'ono, batire inapezako mphamvu. Apongozi atabwera kumunda anayatsa wayilesi. Ndinali pakhonde ndikudikira kuyamikiridwa kudzera mwa mkazi wanga. Chimene chinatuluka chinali phokoso lokhalokha, shwaaa, ngati akukazinga mtedza m'phale, ndipo munthu wolankhula ankangomveka chapatali ngati wagwera m'chitsime. Anapotokola uku, anapotokola uko, phokoso lili pomwepo. Ine ndinauza mkazi wanga kuti ndi chiperoni, mawu akunyowa m'njira. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Lachitatu nkhuku zinandipereka. Zinafukula kudzala n'kukankhira tumphete tija mpaka kuseri kwa nyumba ya apongozi, kunsi kwenikweni kwa windo la wayilesi. Apongozi akusesa anatipeza tili pamodzi, tiwiri, takuda, tikuwayang'ana. Ndinamva akukuwira Mulungu m'Chilomwe chawo. "Muluku wanga! Maso awa ndi a ndani?" Anaitana mwana wawo, anaitana anansi. Wina anati ndi maso a kadzidzi owumitsa. Wina anati kwawo ku Chiringa anaonapo zoterezi, ndipo mwini nyumba anatupa miyendo. Nkhani inagwirizana yokha: wayilesi yayamba kubangula dzulo, lero kwapezeka izi. Pali munthu amene sakufuna kuti malemu aimbe.

Ndinali ndi mpata wonena. Koma taganizani, mkamwini kuimirira pakati pa azimayi n'kunena kuti zimene mwapeza kuseri kwa chipinda cha apongozizo n'zanga. Ndiponso ndinkaona kuti tumpheteto tilibe nazo kanthu za phokoso, ndiye ndidzivutitsirenji? Ndinagwira chibwano ngati anzanga onse n'kunena kuti dziko laipa. Apongozi anatitola ndi timitengo tiwiri, osatikhudza, n'kutiika m'chitini cha mkaka. Anapita nacho kwa akulu ampingo.

Lachinayi amayi amvano anasonkhana kuti atitenthe. Anasonkha moto wa zitsononkho, anathira parafini, anaimba nyimbo zitatu. Moto utazima anapeza tumphete tili gwa, tangochita kuyera phulusa. Akulu ampingo anati zimenezi si zamasewera, zikufunika mpingo wonse, Lamulungu tikaweruka. Anatsekera chitinicho m'kabati ya kutchalitchi, kiyi n'kuika m'thumba la jekete.

Chiperoni chinatha, kumwamba kunayera, batire inadzaza, koma wayilesi sinasiye kukazinga mtedza. Lachisanu ndinaona apongozi atakhala pakhonde la kuseri, wayilesi ili pamiyendo, waya ukulendewera pawindo, khutu ataligunditsa pa sipika, akusakasaka mawu a munthu m'phokosomo. Sanali kulira, koma ndikanakonda akanalira. Mkazi wanga anawauza kuti tidzabwereka wayilesi ya aneba. Iwo anakana. "Bambo ako sankayenda m'makomo mwa anthu. Akaimba, aimbira m'wayilesi yawo." Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kumukayikira injiniya uja.

Loweruka m'mawa ndinakulunga kabokosi ndi waya wake, n'kupalasa njinga kupita ku Migowi. Kumeneko kuli mayi wina wokonza mafoni ndi mawayilesi, wamagalasi, wosaseka ndi kasitomala. Anachita kuphunzira ntchitoyi kusukulu, ndipo pachifukwa chimenechi ine ndinkamulambalala. Ndinaika katundu wanga patebulo n'kunena kuti kabokosi kafa.

Anamasula mphira yanga pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wadula apa ndani?"

"Munthu wina wake kumudzi."

"Munthu wina wakeyo tumphete anatiika kuti?"

"Akuti ankaona ngati tikutsekereza magetsi. Ngati chule m'paipi."

Mayi wosaseka uja anaseka mpaka anavula magalasi. Anaitana wogulitsa matemba pafupi kuti adzamve nawo. Atapuma anandikhazika pa benchi ngati mwana wasukulu.

"Bambo, tamverani. Kabokosi aka kuti kachepetse magetsi kamayatsa n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa, mofulumira kuposa kuphethira. Potero kamasokosa, koma phokoso lake inu simungalimve, imalimva ndi wayilesi. Waya uyu ndiye amalinyamula n'kumalimwaza ngati eriyo. Tumphete tija ntchito yake n'kulitsamwitsa phokosolo lisanapite patali. Magetsi enieni amadutsa bwinobwino, sitidyako ngakhale pang'ono. Malaya oluka awa mwakankhira m'mbaliwa nawonso amatchinga phokoso lomwelo."

Anatembenuza kabokosi n'kundionetsa tizizindikiro tating'ono kumsana kwake. "Kumene amapanga zinthuzi, asanazilole kupita kumsika, amazitsekera m'chipinda n'kuziyesa ngati sizikusokoneza zinzake, ndiponso ngati zimapirira zinzake zikamasokosa. Cholephera amachibweza. Aka kanakhoza mayeso, koma kanakhoza kali ndi waya wake uyu, ndi zotupa zake zomwe. Munthu wina wake uja wakalanda satifiketi. Mukamuuze kuti safunsa anadya phula."

Ndinapempha waya wina. Anatsitsa umodzi mwa imene inali pa msomali, nausenda kumapeto. Munali timawaya towonda ngati ndevu za chimanga, mopanda malaya, mopanda chotupa. "Awa ndi otchajira foni basi. Kwanu kuseri kwa phiri mawu amafika ofooka kale, mukaika uyu simumva kanthu. Waya wabwino ndiitanitsa ku Limbe, afika sabata ya mawa." Tumphete tapadera analibe, bokosi lake la zipangizo zakufa anali atangopereka kwa ogula zitsulo. "Kapezeni tomwe tija. Kamodzi kufupi ndi kabokosi, kena kufupi ndi wayilesi. Ngati bowo likulola, wayayo mumuzungulize kawiri. Malayawo muwalumikizenso. Kodi tumpheteto tili kuti?"

"Tili m'kabati ya kutchalitchi," ndinatero.

Nditafika kunyumba ndinaulula zonse kwa mkazi wanga. Anakhala pansi pa mtondo n'kuseka mpaka misozi. Kenako anapukuta m'maso n'kukwiya. "Ndiye amayi sabata yonse sakudya bwino chifukwa cha chule wanuyo?" Ndinamupempha kuti akafotokoze kwa mayi ake, monga mwa nthawi zonse. Anakana. "Zaka khumi ndi chimodzi ndanyamula za mbuzi, za nkhwangwa, za denga lodontha. Uthenga uwu wokha sindinyamula. Munadula nokha, mukalumikize nokha." Ndinathamangira kwa akulu ampingo kuti tikambirane mwakachetechete, koma anali atapita kumaliro kutsidya, obwera m'mawa.

Lamulungu mapemphero anatalika ngati akudziwa. Mlaliki anafika pa "pomaliza" katatu. Tinaweruka cha m'ma 1 koloko, ndipo mpingo wonse unazungulira pansi pa mtengo wa mango. Akulu ampingo anabwera ndi chitini atachigwira ndi mpango. Nthawi ino anakonza makala, ndi nyundo yoti moto ukakanika aphwanye. Makala sindinkawaopa, koma nyundo ikanatha zonse.

Ndinakweza dzanja. "Pepani akuluakulu. Zinthuzo musaphwanye. N'zanga."

Mayi wina anakoka mwana wake kumuchotsa pafupi nane. Apongozi anali mbali ya azimayi, ndipo anatembenukira kumbali n'kudziphimba ndi chitenje. Akulu ampingo anaika chitini pansi. "Achimwene, mwati n'zanu? Zaka zonsezi mukudya nafe mgonero?"

Ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana pansi. Za chiperoni, za paipi, za chule, za nkhuku, za mayi wa ku Migowi ndi chipinda cha mayeso. Pa chule paja wina anaphulika kuseka kumbuyo, ndipo kuseka kunayenda mpaka kwa amayi amvano, amene anaimbira tumpheteto nyimbo zitatu. Koma akulu ampingo sanakhutire. Anati mawu okha sakwanira, tikaone ndi maso. Ngati wayilesi ilankhula, nkhani yatha. Ikapanda kulankhula, tibwerera ku nyundo, ndipo ine ndikakhala pa benchi ya kutsogolo ya oweruzidwa.

Motero mpingo wonse unayenda ulendo wa kwathu, akulu ampingo patsogolo ndi chitini, ine pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kumsika. Apongozi anadzera njira ina kuti tisayendere limodzi. Tinafika nthawi itadutsa hafu pasiti thuu.

M'nyumba ya apongozi sindikanalowa. Mkazi wanga anaika wayilesi pawindo, ine n'kugwada kunja, anthu atandizinga. Apongozi anakhala m'kati pampasa, kuseri kwa khoma. Ndinamasula mphira, ndinapukuta phulusa pa kamphete koyamba, ndinalowetsa waya n'kumuzunguliza kawiri kufupi ndi kabokosi. Kachiwiri kufupi ndi wayilesi. Ndinapota timawaya ta pakati, ndinakoka malaya oluka aja mbali zonse n'kuwalumikiza, ulusi ndi ulusi, uku aliyense akundipatsa malangizo. Amene anati ndi maso a kadzidzi uja ndiye ankalangiza kwambiri.

"Yatsa," ndinauza mkazi wanga.

Mtedza uja unali utaphulidwa. Kunatsala kaphokoso kakang'ono, ndipo pamwamba pake panamveka mawu a muulutsi akupereka moni kwa omvera. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analuluta. Akulu ampingo anayang'ana m'chitini chopanda kanthu n'kuchipereka kwa mkazi wanga kuti azisungiramo mchere. Koma mawuwo ankabwera n'kumathawa. Ndinagwira eriyo kuti ndiiwongole, mawu anamveka bwino ngati munthuyo ali pakhonde. Nditaisiya anathawanso. Ndinagwiranso, anabwerera.

"Basi, muime pomwepo, injiniya," anatero akulu ampingo.

Ndinaima chotero, dzanja lili pawindo litagwira eriyo, nkhope nditalozetsa ku Michesi kuti ndisaone m'kati. Muulutsi anatchula tchalitchi chathu. Nyimbo inayamba ndi azimayi okhaokha, mawu a anthu amene ena anali pabwalo pomwepo atakalamba, ena kulibe. Palibe anatsokomola. Dzanja langa linayamba kuchita dzanzi, ndipo nyerere zinapeza mwendo wanga n'kuyamba kukwera. Ndinapirira vesi yoyamba. Pa yachiwiri imodzi inaluma kuseri kwa bondo, ndipo ndinasuntha phazi. Wayilesi inati shwaa.

Ndipo kuseri kwa khoma kunachoka mawu, otsika, osadzera mwa munthu aliyense.

"Musasunthe, mwanaka. Akubwera."

Mwanaka, m'Chilomwe chawo, ndiye kuti mwana wanga. Ndinayang'ana mkazi wanga kudikira kuti abwereze, mwa chizolowezi. Iye anali atagwira pakamwa.

Kenako besi inalowa. Inali yomweyo, yonenepa, yosafulumira, yochedwa pang'ono kulowa monga ankachitira nthawi zonse mpaka mkulu wa kwaya kuwayang'ana. Ndinaimva ikunjenjemera m'chitsulo chimene ndinagwira. M'katimo apongozi anayamba kuimba nawo chapansipansi. Nyerere zinafika m'chiuno, zinachita zimene zinafuna, ine sindinasunthe mpaka nyimbo zonse zinayi zinatha. Misozi inatsika ndipo ndinalibe dzanja loipukutira, chifukwa linalo linali litagwira buluku.

Anthu atabalalika ndinamanga bwino molumikiza muja n'kuchotsa waya pafupi ndi eriyo. Dzina la injiniya linathera pomwepo. Mpaka lero ndikadutsa pa chigayo pamakhala wina wolira ngati chule.

M'mawa mwake ndikuchokera kudimba ndinawaona apongozi akubwera panjira ija, dengu lili pamutu. Panalibe munthu wina aliyense. Ndinayamba kupatukira kumanja monga mwa masiku onse, mwendo umodzi uli kale m'tchire. Iwo anaima, nkhope atalozetsa kumbali, n'kuyankhula ngati akuuza mtengo wa nandolo.

"M'menemo muli chitedze. Dzerani m'njira."

Ndinadzera m'njira.